Mwana akufuna Computer Studies ku Fomu 3: akaphunziramo chiyani, nanga angakhoze popanda kompyuta pakhomo?

Funso lachokera kwa mayi wina wa cha ku Malindi, m'boma la Mangochi. Akuti: "Mwana wanga wamkazi akulowa Fomu 3 pa sukulu yoyendera ndipo wakakamira kuti atenge Computer Studies. Kusukuluko makompyuta alipo owerengeka, kunyumba kuno tilibe, tili ndi foni basi. Kodi amaphunziramo chiyani kwenikweni? Si kutayipa kokha? Nanga mwana wopanda kompyuta kwawo angakhoze pa MSCE, kapena tikungomutayitsa nthawi?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo mwafunsa pa nthawi yake, chifukwa phunziro lomwe mwana wasankha polowa Fomu 3 ndi lomwe akalembe pa MSCE. Tikuyankheni mosazungulira: kutayipa n'kachigawo kakang'ono kwambiri. Gawo lalikulu la phunziroli ndi kuganiza mwadongosolo, ndipo zimenezo zimatheka ndi kope ndi pensulo. Gawo linalo limafunadi manja pa kompyuta, ndipo mpamene mwana wanu ayenera kuchenjera ndi maola ochepa omwe sukulu ingamupatse. Mayeso a MANEB a phunziroli amakhala mapepala awiri, lina lolemba pamanja, lina lochitira pa kompyuta penipeni. Onse amafunsidwa m'Chingerezi, choncho mawu ena tiwasiya momwe mwanayo akawapezere m'buku.

Poyamba amaphunzira chipangizocho. M'kati mwa bokosi lija muli CPU, yomwe imachita masamu onse ndi kulamula ziwalo zina. Muli RAM, muli ROM, muli hard disk. Ana ambiri amangoloweza mayinawa osamva kusiyana kwake, pomwe kusiyanako n'kumene mayeso amakonda. RAM ili ngati mphasa yoyanikapo ufa: zomwe mukugwira pakali pano zimakhala pamenepo, pafupi, zosavuta kuzitenga. Hard disk ndiye nkhokwe. Magetsi a ESCOM akangothima, zonse za pamphasa zapita, za m'nkhokwe zokha n'zimene zimatsala. Kuseva ndi kututa za pamphasa kukaziika m'nkhokwe. Mwana amene wamvetsa zimenezi safunikanso kukumbutsidwa kudina Ctrl ndi S pakapita mphindi zingapo zilizonse, ndipo akafunsidwa ntchito ya UPS, kabokosi ka batire kamene kamagwiririza kompyuta kwa mphindi zochepa magetsi akathima, amayankha za m'mutu mwake.

Amaphunziranso kusamala ndi kuzindikira mavuto a kompyuta, ndipo kuno kunyanja izi si nkhani za m'buku chabe. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pamodzi ndi fumbi ndi adani aakulu a makinawa. Kompyuta ikamazima yokha pakati pa ntchito, kawirikawiri fani ya pa CPU yatsekeka ndi fumbi ndipo makinawo akudziteteza kuti asapse. Ikayaka n'kumangolira kuti pi-pi-pi sikirini ili bii, choyamba kukayikira ndi RAM kuti yasuntha pamalo pake. Amazimitsa, n'kuzula pulagi, n'kuichotsa, n'kuibwezeramo mpaka timano ta m'mbali titagwira. Ikamaonetsa tsiku lolakwika m'mawa uliwonse, kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka mavoti 3, kamene kali pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse, katha mphamvu. Pamwamba pa izi pali za mapulogalamu: kusiyana kwa operating system ngati Windows, Linux kapena Android ya m'foni yanuyo, ndi mapulogalamu ogwirira ntchito ngati Word ndi Excel, kupanga foda, kusamutsa fayilo, kuipatsa dzina, kuipeza itasowa.

Kenako pamabwera gawo limene ana amaliopa pachabe, la manambala a kompyuta. Kompyuta imadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima, zomwe timalemba ngati 1 ndi 0. Chimodzi mwa izi ndi bit, zisanu ndi zitatu pamodzi ndi byte, ndipo mabyte 1024 ndi kilobyte. Mwana amayenera kudziwa kusintha nambala yathu ya masiku onse kupita ku binary, manambala a 1 ndi 0 okha aja, ndi kubwerera. Njira yosavuta nayi. Alembe pamwamba pa pepala 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Tinene kuti wapatsidwa 45. Kodi 128 angalowe mu 45? Ayi, alembe 0. Nanga 64? Ayi, 0. 32 alowa, alembe 1, patsala 13. 16 salowa, 0. 8 alowa, 1, patsala 5. 4 alowa, 1, patsala 1. 2 salowa, 0. 1 alowa, 1. Yankho ndi 00101101. Akagawa nambala imeneyi pakati, 0010 ndi 1101, apeza 2 ndi 13, ndipo mu hexadecimal, kawerengedwe kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi zilembo A mpaka F, 13 amalembedwa D, ndiye 45 ndi 2D. Aphunzitsi ambiri amaphunzitsa njira ina, yogawa ndi 2 mobwerezabwereza n'kumalemba zotsala. Nayonso ndi yabwino, koma ili ndi msampha umodzi: zotsalazo zimawerengedwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo mwana wothamanga amaziwerenga motsika, yankho lonse n'kutembenuka. Ngakhale zilembo nazo ndi manambala: A wamkulu mu ASCII, mndandanda wopatsa chilembo chilichonse nambala yake, ndi 65. Onani, Mayi, kuti pa gawo lonseli palibe pofuna magetsi. Awa ndi malikisi oti mwana wa ku Malindi angawatole chimodzimodzi ndi wa pa sukulu ya mpanda ku Blantyre.

Za Word sitichedwapo, ngakhale zimatenga nthawi yambiri mu labu. Amaphunzira kukonza kalata, lipoti, thebulo, kuika manambala a masamba, header ndi footer, kutembenuza pepala la A4 kuti ligone chopingasa, ndi mail merge, yomwe imatulutsa kalata imodzi yoitana makolo ku msonkhano m'makope ambirimbiri, lililonse ndi dzina la kholo lake. Cholakwika chofala ndi kukankha mawu ndi space bar pofuna kuti mutu ukhale pakati. Pa sikirini zimaoneka ngati zili bwino, koma wochonga amaona kuti lamulo la centre silinagwiritsidwe ntchito, ndipo pepala likasintha kukula mawuwo amabalalika. Pafupi ndi izi pali desktop publishing, kukonza zinthu ngati khadi la ukwati kapena kachikalata kolengeza malonda, ndi PowerPoint. Ana amazikonda chifukwa cha mitundu, koma malikisi amachokera pa kutsata muyeso womwe funso lanena, osati pa kukongoletsa.

Pomwe tikufuna kukhalitsa ndi pa spreadsheet, chifukwa ndi pamene ana ambiri amagwa komanso ndi luso limene lingakuthandizeni ngakhale inu pakhomo. Pulogalamu yake yodziwika ndi Excel. Ndi tsamba la timabokosi: mizere yotsika ili ndi zilembo A, B, C, yopingasa ili ndi manambala 1, 2, 3, choncho kabokosi kalikonse kali ndi dzina ngati B2. Tiyerekeze kuti mumagula usipa ku doko n'kumakagulitsa ku Mangochi boma. Mu A mwana alembe tsiku, mu B ndowa zomwe mwagula, mu C mtengo wa ndowa imodzi. Mu D2 asalembe yankho lowerengera pa foni. Alembe =B2*C2. Chizindikiro cha = chili kutsogolocho n'chimene chimauza Excel kuti awa ndi masamu; chikasowa, kompyuta imangoonetsa mawuwo momwe alili. Akakoka fomula imeneyi kutsika mpaka D8, imasintha yokha kukhala B3*C3, B4*C4, mpaka pansi. Zonse za sabata amazipeza ndi =SUM(D2:D8). Ubwino wake ngwakuti mtengo wa Lachitatu ukasintha, mayankho onse amasintha okha. Mwana amene walemba yankho ndi manja amakhala kuti waluza malikisi ngakhale nambalayo ikhale yolondola, pakuti chomwe chikuyesedwa ndi fomula.

Tsono pali misampha itatu imene tikufuna aidziwe asanaikumane nayo. Woyamba: akalemba mtengo ngati K20,000, ndi K wakeyo, Excel imautenga ngati mawu osati nambala. Kuchulukitsa kumatulutsa #VALUE!, koma choopsa kwambiri n'chakuti SUM siidandaula, imangodumpha kabokosiko mwakachetechete, ndipo chiwerengero chimachepa popanda woona. Chizindikiro chake n'chosavuta: mawu amakhala kumanzere kwa kabokosi, manambala kumanja. Alembe 20000 basi, K-yo aike kudzera pa format. Wachiwiri: tinene kuti mtengo wonyamulira ndowa imodzi pa galimoto waulemba kamodzi kokha, mu G1. Fomula =B2*G1 ichita bwino pa mzere woyamba, koma akaikokera pansi isanduka G2, G3, timabokosi topanda kanthu, ndipo mayankho ena onse akhala 0. Mankhwala ake ndi kukhoma kabokosiko ndi chizindikiro cha dola, =B2*$G$1. Imeneyi ndiyo absolute reference, ndipo mwana aliyense woyembekezera mayeso ayenera kutha kuifotokoza ndi pakamwa. Wachitatu ndi wa masamu wamba: =B2+C2/2 si avereji ya manambala awiriwo, chifukwa kugawa kumayamba kuchitika kuphatikiza kusanachitike. Pamafunika =(B2+C2)/2 kapena AVERAGE. Zina n'zazing'ono: ##### amangotanthauza kuti mzere wachepa m'lifupi, aukuze, #DIV/0! ndiye kuti wagawa ndi kabokosi kopanda kanthu, #NAME? ndiye kuti dzina la fomula walilemba molakwika. Akafika pa =IF(D2>=50,"Pass","Fail") n'kumvetsa kuti kompyuta ikufunsa funso n'kusankha yankho limodzi mwa awiri, ndiye kuti wayamba kale kununkhiza programming. Amaphunziranso kusanja, kusefa ndi kujambula machati; pa chati cholakwika chofala ndi kuphatikizamo mzere wa total, womwe umatalika n'kuphimba ena onse.

Database ndi mlongo wake wa spreadsheet, koma ntchito yake ndi kusunga mbiri ya zinthu zambiri kuti zizipezeka msanga. Ndi imene ili kuseri kwa kaundula wa kuchipatala, wa ziphaso za unzika, ngakhale wa MANEB yemweyo. Sukulu zambiri zimaphunzitsira pa Microsoft Access. Mwana amayamba ndi kupanga thebulo, n'kusankha mtundu wa zomwe zilowe m'gawo lililonse, ndipo apa m'pofunika nzeru. Nambala ya foni, mwachitsanzo, siikidwa ngati nambala. Ikaikidwa choncho, 0 wa kutsogolo uja wa 088 kapena 099 amasowa, chifukwa kwa kompyuta 0 wotsogola alibe ntchito. Imaikidwa ngati text, pakuti palibe amene amaphatikiza manambala a foni. Tsiku nalo limavuta: 03/04 pa kompyuta ina ndi 3 Epulo, pa ina ndi 4 Malichi, malinga ndi mmene makinawo anatcherera. Kenako pali primary key. M'kalasi limodzi kuno mungapezeke ana atatu a dzina limodzi ndi la bambo lomwe, ndiye dzina silingakhale chosiyanitsira. Pamafunika chinthu chosabwerezeka, ngati nambala ya mayeso. Akatero amaphunzira kulumikiza matebulo: mwana mmodzi akhoza kubwereka mabuku ambiri ku laibulale, choncho thebulo la ana limalumikizidwa ku la mabuku obwerekedwa kudzera pa nambala ija. Query ndi funso lofunsa kaundulayo, monga lakuti ationetse atsikana okha ochokera kwa Chowe amene apeza malikisi oposa 50. Validation rule ngati Between 0 And 100 imaletsa munthu kulemba 750 pomwe amafuna 75. Form ndi yolowetsera, report ndi yopulintira. Kanthu kena kodabwitsa ana ozolowera Word n'kakuti Access imafuna dzina la fayilo pachiyambi pomwe, usanalembe chilichonse, ndipo record, mzere umodzi wa m'thebulo, ikafufutidwa siibwerera ndi Ctrl ndi Z.

Gawo ili ndi limene silitheka bwino pa foni, choncho maola a labu a database mwana wanu asawaphonye ngakhale kamodzi.

Za netiweki n'zoloweza kwambiri, koma zimamveka mwana akaziyerekeza ndi zomwe amaona. Mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga umachoka pa foni yanu kupita ku nsanja ya netiweki, kuchoka apo kupita ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo, n'kubwerera, zonse m'masekondi ochepa. Phunziroli limamasula ulendo umenewo. Makompyuta olumikizidwa m'chipinda chimodzi ndi LAN, olumikizidwa kudutsa maboma ndi maiko ndi WAN. Pali kalumikizidwe kosiyanasiyana: ka star, pomwe iliyonse ili ndi waya wake wopita ku switch, kabokosi kolumikiza onse, ndipo waya umodzi ukaduka imavutika ndi kompyuta imodzi yokha, koma switch ikafa onse agona, ka bus, pomwe onse adalira waya umodzi, ndi ka ring. Amaphunzira kuti waya wa netiweki wa UTP uli ndi timawaya 8 topotana awiriawiri pofuna kuchepetsa kusokonezana kwa magetsi, ndipo kuti sayenera kupitirira mamita 100. Kuti fibre imanyamula kuwala osati magetsi, n'chifukwa chake imafika kutali. Kuti IP address, keyala ya kompyuta pa netiweki, ngati 192.168.1.10, ili ndi zigawo zinayi, chilichonse kuyambira 0 kulekeza 255, chifukwa chigawo chimodzi ndi byte imodzi. Apa mwana wochenjera amaona kuti binary ija yabwereranso. Limodzi ndi izi amaphunzira intaneti, imelo ndi kufufuza zinthu.

Pali gawo lina limene ife timaliona ngati lofunika kuposa malikisi ake, la chitetezo ndi malamulo. Limakhudza vayirasi ya pa fulashi, ija imasandutsa mafoda kukhala shortcut munthu n'kuganiza kuti zonse zafufutika pomwe zangobisika, kusunga mafayilo malo awiri, pasiwedi yolimba, ndi akathyali otumiza uthenga woti atumiza ndalama molakwika mubweze, kapena oyimba foni kupempha PIN. Limakhudzanso lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo komanso kuzunza ena kudzera pa intaneti. Kwa mtsikana wa msinkhu wa mwana wanu, amene posachedwa akhala ndi foni yakeyake, kudziwa kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp sichibwerera ndi chitetezo chenicheni.

Ndiye tifike pa programming, kumene dzina la phunziroli limapezera ulemu wake. Si ufiti, Mayi. Ndi kulemba malangizo mwatsatanetsatane moti ngakhale chinthu chosaganiza chingawatsate. Mwana amayamba ndi algorithm, ndondomeko ya masitepe, n'kuijambula ngati flowchart. Chojambula chilichonse chili ndi tanthauzo lake: chonga dzira ndi poyambira ndi pothera, bokosi lopendekeka ndi polowetsa kapena kutulutsa, bokosi lowongoka ndi pochita masamu, chonga dayamondi ndi pofunsa funso la inde kapena ayi. Kusokoneza zojambulazi kumadya malikisi ngakhale maganizo ali olondola. Pulogalamu iliyonse, ing'ono kapena yaikulu, imamangidwa ndi zinthu zitatu: kutsatana kwa masitepe, kusankha, ndi kubwereza. Chiyankhulo cha kompyuta chomwe aphunzitsi agwiritse ntchito mu labu n'chovala chabe. Mafupa ake ndi atatu omwewa.

Nachi chitsanzo choti akayese madzulo ano. Tikufuna kuphatikiza ndowa za usipa za masiku asanu:

total = 0
FOR tsiku = 1 TO 5
INPUT ndowa
total = total + ndowa
NEXT tsiku
PRINT total

Mzere wa total = total + ndowa umazunguza ana odziwa masamu, chifukwa ku masamu chinthu sichingafanane ndi icho chomwe chitawonjezeredwa. Kuno = akutanthauza kuti tenga zomwe zili kumanja uziike m'chotengera cha kumanzere. Tsono mwana ajambule thebulo la magawo atatu, tsiku, ndowa ndi total, n'kudzisandutsa kompyuta. Ndowa zikhale 4, 6, 3, 7 ndi 5. Total iyenda motere: 4, 10, 13, 20, 25. Kenako asunthe mzere wa total = 0 auike pansi pa FOR, ayambirenso. Apeza kuti tsiku lililonse chotengera chikukhuthulidwa, ndipo pamapeto patuluka 5 yekha. Kompyuta siidandaula chilichonse, chifukwa malamulo a chiyankhulo sanaphwanyidwe. Imeneyi ndi logic error, yosiyana ndi syntax error, pomwe walakwitsa kalembedwe ndipo pulogalamu imakana kuyenda. Thebulo lotereli limatchedwa trace table, ndipo mwana amene walichita kambirimbiri pa pepala amakaposa mnzake amene ali ndi laputopu koma amangokopera za ena.

Nanga popeza kunyumba kulibe kompyuta, atani? Choyamba, mu labu asakhale woonerera. Makompyuta akachepa, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amaunjikana pa imodzi, ndipo kawirikawiri amene amagwira mausi ndi mnyamata mmodzi wolimba mtima, atsikana ali kumbuyo kumangogwedeza mutu. Pa tsiku la mayeso aliyense amakhala yekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa: kuona mnzako akupanga query si kudziwa kupanga query. Muuzeni mwana wanu kuti azipempha nthawi yake mosachita manyazi, ndipo gulu lawo ligwirizane kusinthana pakatha mphindi khumi zilizonse. Ngati zikuvuta, ndi nkhani yoyenera kuitula kwa aphunzitsi kapena pa msonkhano wa makolo.

Chachiwiri, azipita ku labu atakonzeka kale. Ajambule timabokosi m'kope, alembe A, B, C pamwamba ndi 1, 2, 3 m'mbali, alembe mafomula onse ndi pensulo usiku, kuti akafika pa kompyuta angoyesa ngati akugwira. Thebulo la database nalo alikonzeretu pa pepala. Mphindi 40 za munthu wokonzeka zimapindula kuposa maola awiri a wongofika.

Chachitatu, foni yanuyo, ngati ili ya Android, ndi kompyuta ndithu. Mapulogalamu ngati WPS Office kapena Google Sheets ndi aulere. Bandulo imafunika powatsitsa, koma pambuyo pake mafomula amatheka kuyesedwa popanda intaneti. Mafoni ambiri amalolanso kulumikiza kiyibodi wamba ya USB kudzera pa kachingwe kotchedwa OTG, kamene kamapezeka kwa ogulitsa machaja. Ndi zimenezi mwana angazolowetse zala, kumanzere pa A S D F, kumanja pa J K L, zala zolozera zikupeza timizere totukuka pa F ndi J. Mupatseni ntchito yeniyeni: kaundula wa malonda anu, wa banki m'khonde, kapena wa ndalama za feteleza. Pa tchuthi, ngati mungathe, kambiranani ndi a shopu yotayipa ndi kupulinta kuti azikhalapo ola limodzi kapena awiri pa sabata, koma apite ndi pepala la mayeso akale m'manja, osati kukangotsegula Facebook.

Mapepala a mayeso akale ndi ofunika pa chifukwa chinanso, cha Chingerezi. Ana ambiri amadziwa yankho koma samva chomwe funso likufuna. State akufuna yankho lalifupi, explain akufuna chifukwa chake, differentiate akufuna mbali zonse ziwiri zitchulidwe. Wolemba mbali imodzi yokha amapeza theka. Pa pepala la pa kompyuta, malangizo amanena dzina loti fayilo ipatsidwe ndi malo oti isungidwe, ndipo zimapweteka mtima kuona mwana amene wagwira ntchito yonse bwinobwino akuluza chifukwa wasevera pena kapena wasiya dzina la Document1. Azolowere kuseva fayilo ndi dzina lake asanayambe n'komwe kulemba. Funso likamuvuta pakati, asaime. Malikisi amaperekedwa pa sitepe iliyonse, ndiye apitirize ndi zomwe angathe.

Tisakubisireni mbali inayi. Musanavomere, pitani mukaonane ndi ahedi kapena aphunzitsi a phunziroli, mukafunse mwaulemu: mwa makompyuta omwe alipo, ndi angati amene akuyaka? Ana a Fomu 3 amalowa mu labu kangati pa sabata? Magetsi akathima pali sola kapena jenereta? Kodi sukuluyi imalembetsa ana mayeso a phunziroli, ndipo pepala la pa kompyuta amalembera kuti? Makompyuta ochepa oyaka, ndi mphunzitsi wokhazikika, n'zokwanira. Koma ngati onse anafa ndipo phunziro likungochitikira pa bolodi, pepala la pa kompyuta lidzamuvuta kwambiri, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo lero kusiyana ndi ku Fomu 4.

Komanso asalole kuti chikondi cha kompyuta chimuiwalitse masamu ndi Chingerezi. Pa MSCE magiredi amayambira 1 kulekeza 9, wapamwamba ndi 1, kiredi ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa apo, ndipo kuti munthu aganiziridwe ku mayunivesite a boma amafunika makiredi asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Maphunziro a za makompyuta ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu University amatsamira kwambiri pa masamu. Kwa amene sadzera njira imeneyo, makoleji a ntchito za manja a pansi pa TEVETA amaphunzitsanso za ICT, ndipo wodziwa Excel ndi kusunga kaundula amafunika m'maofesi, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi m'mabungwe a asodzi ndi alimi omwe.

Zoti mumugulire teremu yoyamba si zambiri: kope lalikulu limodzi la phunziroli lokha, rula yojambulira maflowchart ndi timabokosi, ndi fulashi yakeyake, ya 8 GB kapena 16 GB, yomwe ikwanira zaka ziwiri zonse. Alembepo dzina, aimangirire kachingwe, asamabwereketse, ndipo asamaizule kompyuta ikadali kulembapo. Adine kaye Eject, adikire uthenga woti atha kuchotsa, kenako azule.